Dzina la Pachikuto

Agogo anga aamuna anafika ku Bindura wapansi kuchokera ku Ntcheu, kudzera ku Tete, ndipo sanabwererenso kwawo. Anali m'gulu la anthu aja kumudzi amawatcha matchona. Chifuwa cha fumbi la mumgodi chitawakhazika pansi, ndinkakhala nawo pakhonde la nyumba yathu ku Aerodrome madzulo alionse, iwo akusimba za ulendo wawo, ine ndikulemba m'kope la kusukulu. Atatisiya, ndinataipa masamba 12, n'kugawira abale tsiku loika chiliza. Pamwamba pake ndinalembapo dzina langa.

Patapita chaka, ndinaona kabuku pamalo okwerera mabasi, pamphasa ya mnyamata wogulitsa madisiki okopa a Alick Macheso, woimba wa ku Shamva uja amene bambo ake anachokera ku Malawi. Chikuto chinali chachilendo, dzina la mlembi lachilendo, koma mawu a m'katimo anali aja a m'kope langa, mpaka pamene ndinaphonya kalembedwe ka mtsinje wa Mazowe. Mnyamatayo anandiuza mtengo, ndipo ndinalipira ngati mlendo.

Mkwiyo unandituma kukawerenga malamulo. Lamulo la umwini wa zolemba la dziko la Zimbabwe, lomwe linakhazikitsidwa m'chaka cha 2000 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2004, limateteza nkhani ikangolembedwa, popanda kukailembetsa ku ofesi iliyonse, ndipo chitetezocho chimapitirira zaka 50 mlembi atamwalira. Limalola munthu kutapa pang'ono pofuna kuphunzira, kuunika bukulo kapena kufalitsa nkhani, ndipo pounika ndi pofalitsapo ayenera kutchula mwini wake. Sililola kunyamula ntchito yonse, kufuta dzina ndi kuika pamsika. Mlandu wanga unali woonekeratu, ndipo ndinapita nawo kwa azakhali ndili wokonzeka kukasuma.

Azakhali anamvetsera mpaka ndinamaliza, akusenda mbatata. Kenaka anafunsa mosakweza mawu: "Kodi mwanawe, amene anaoloka Zambezi uja ndiwe? Nanga dzina la bambo anga lili pati pa mapepala ako aja?"

Ndinasowa choyankha. Akuluakulu anati anyani amasekana zikundu. Ndinabwerera ku kope lija usiku womwewo, ndipo ndinaona kuti mafanizo onse okoma, nthabwala za kapitawo wa mumgodi, ngakhale kaimidwe ka ziganizo, zinali za agogo. Changa chinali cholembera ndi kupirira basi. Lamulo limaona ntchito pamene yafika papepala, motero linandiona ine, koma silinamve mawu a nkhalamba yosadziwa kulemba imene inkatsokomola pakhonde. Ndinakumbukiranso kuti ine ndemwe ndinagulapo madisiki okopa pamphasa zoterezi kangapo konse, osaganizako za thukuta la woimba.

Nkhani yotere si yachilendo kuno kummwera kwa Africa. Solomon Linda anajambula nyimbo yake ya Mbube ku Johannesburg mu 1939. Nyimboyo inaoloka nyanja, inasintha dzina, inalemeretsa anthu ena ku America, koma iye anamwalira ali mmphawi mu 1962, ndipo banja lake linadikira mpaka 2006 kuti lipeze gawo lake. Kwathu ku Malawi kuli bungwe la COSOMA, kuno kuli ZIMURA, oimirira eni nyimbo. Koma nkhalamba za m'makomboni a migodi, zimene zinasenza mbiri yathu m'mitu mwawo, zilibe bungwe. Woziteteza ndi mdzukulu wogwira cholembera, ndipo mdzukuluyo angathe kukhala mbala yoyamba.

Sindikunena kuti amene anakopa kabuku kaja analibe mlandu. Ndinamufufuza, ndinamupeza, ndipo ndinamuuza kuti aleke kugulitsa zimene sanakhetsere thukuta. Anapepesa monyinyirika. Akanabwera poyamba kudzapempha, ndikanamulola ndi mtima wonse, pakuti agogo ankafuna kuti ana obadwira kuno, amene Chichewa chikuwapulumuka pakamwa, adziwe njira imene makolo awo anadzera. Sichinandipweteke n'chakuti nkhaniyo yafalikira. Chinandipweteka n'chakuti yafalikira ngati mwana wamasiye, wosadziwa mfunda wake.

Chaka chatha ndinasindikizanso masamba aja. Pachikuto pali dzina la agogo ndi mfunda wawo m'zilembo zikuluzikulu, ndipo langa lili m'munsi, pambuyo pa mawu akuti "wolemba zimene anamva". Kope loyamba ndinakapereka kwa azakhali. Iwo sawerenga bwino masiku ano, koma anayendetsa chala pa dzina la bambo awo kawiri, n'kuika kabukuko m'sutikesi momwe amasungamo nsalu za kutchalitchi.