Liwu Limodzi, Matanthauzo Awiri

M'chaka cha 1995, ndili Fomu 2 pasukulu ina ku Balaka, aphunzitsi athu adalemba pabolodi liwu la Chingerezi loti "shoal". Adati liwuli limatanthauza malo osaya m'nyanja, pamene bwato limakhula mchenga, komanso limatanthauza khamu la nsomba zoyenda pamodzi. Adawonjeza kuti khamu lomwelo Angerezi amalitchanso "school". Anzanga adaseka poganiza za matemba atakhala pamadesiki, koma ine ndidangoti chete.

Maganizo anga adali kwa bambo, amene ankasodza padoko la Mposa ku Machinga. Fizi yanga inkachokera m'khoka lawo. Nyanja ya Chilwa ndi yosaya chikhalire, ndipo mvula ikavuta zaka zotsatizana imaphwa, monga idachitira mu 1968.

Patchuthi ndidapeza mabwato atagona pamatope ong'ambika. Ndidawafotokozera bambo za liwu lija. Iwo adayang'ana kumene kudali madzi, nati, "Mwanawe, ukawafunse aphunzitsi akowo dzina la malo amene madzi ndi nsomba zomwe zathawa." Teremu yotsatira ndidafika kusukulu anzanga ataphunzira kale milungu itatu, amayi atagulitsa mbuzi yawo.