Galu wophunzitsa sekondale ndi zina zoseketsa za pa TV ya ku Japan

Aphunzitsi anzanga, ndi inu nonse amene munadutsa m'manja mwanga, lero tichezeko za timakanema totsatsa malonda ta pa TV ya ku Japan. Masiku ano tambiri timapezeka pa YouTube, ndipo ine ndakhala ndikutionera mpaka nthiti kuwawa. Chondidabwitsa n'choti tambiri timangotenga masekondi 15 basi, koma munthu ukaonera kamodzi sikachoka m'mutu. Ife piriyodi imodzi timapatsidwa mphindi 40, koma mawa lake mukamufunsa mwana zimene munaphunzitsa, amangoyang'ana kudenga. Ndiye ndakhala ndikudzifunsa kuti kodi anzathuwa amachita bwanji.

Tiyambe ndi ta kampani ya Nissin, imene inayamba kugulitsa Cup Noodle mu 1971. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 iwo anapanga timakanema ta anthu akalekale okhala m'mapanga. Anthuwo amaonekera patali, ang'onoang'ono ngati nyerere, gulu lonse likukuwa ndi kuthamangitsa chinyama chachikulu, pena chinjovu chaubweya, pena chimbalame chotchedwa moa. Mosakhalitsa zinthu zimatembenuka, alenje aja n'kuyamba kuliyatsa liwiro. Palibe wolankhula chomveka. Pamapeto pamangobwera liwu limodzi lachingerezi lofunsa ngati uli ndi njala, kenaka dzina la chakudyacho. Timakanema timeneti tinapata mphoto yaikulu pa mpikisano wa otsatsa malonda ku Cannes, m'dziko la France, mu 1993. Sizifuna womasulira, chifukwa njala aliyense amaidziwa.

Ena amene ndimawakonda ndi a khofi wa m'zitini wotchedwa Boss, wa kampani ya Suntory. Ku Japan si zachilendo kuona akatswiri a mafilimu a ku America akutsatsa malonda. Arnold Schwarzenegger anatsatsako zakumwa ndi Cup Noodle yemweyo, ndipo filimu ya Lost in Translation ya mu 2003 imakamba za katswiri wotere amene wapita ku Tokyo kukatsatsa mowa. Koma a Boss anachita mosiyana. Mu 2006 anatenga Tommy Lee Jones, mkulu wa nkhope yamakwinya yosasekerera, n'kumusandutsa mlendo wochokera kuthambo amene wabwera kudzafufuza mmene anthu a dziko lino amakhalira. Kuti atidziwe bwino, amalowa ntchito zosiyanasiyana: lero akukumba ndi amisiri, mawa akupereka katundu m'makomo. Chilichonse chikachitika, iye nkhope ili gwa. Akaweruka amatsegula chitini cha khofi, n'kupereka lipoti lake loti anthu a pano amachita zinthu zosamveka, amadzitopetsa okha, komabe dziko lawo lili ndi kokoma kwake. Umaseka, koma kwinaku ukudziona wekha. Aliyense amene anachongapo mapepala a mayeso mpaka usiku akudziwa chimene mlendoyo akunena.

Tsono pali banja la a Shirato, la kampani ya mafoni ya SoftBank, limene linayamba kuoneka mu 2007. Mayi ndi Mjapani, mwana wamkazi ndi Mjapani, mchimwene wake ndi munthu wakuda wa ku America dzina lake lenileni Dante Carver, ndipo bambo wa pakhomopo ndi galu woyera. Inde abale, galu wa miyendo inayi, wolankhula ndi mawu amphamvu a munthu wamkulu. Amakhala patebulo, amakalipira ana, amapsa mtima akamuseka. M'banjamo palibe amene amaona chachilendo. Chimene chinandimaliza ine n'choti bambo ameneyu ntchito yake ndi yauphunzitsi, ndipo ahedi a pasukulu yake ndi akazi ake omwewo! Galu woyamba kusewera mbali imeneyi, Kai, anafa mu 2018. Mukachotsa ubweya ndi mchira, chimene chimatsala ndi bambo amene tonse timamudziwa: waukali pakamwa, wofuna ulemu, wokonda ana ake, koma mayi akangolankhula kamodzi amakhala chete.

Apa ndi pamene ndinaona yankho la funso langa lija. Chodabwitsa chimakopa maso, koma chokha sichikhalitsa. Timakanema timeneti timakumbukika chifukwa pansi pa nthabwala pali chinthu choona chimene woonera akuchidziwa kale: njala, kutopa kwa ntchito, khalidwe la bambo kunyumba. Komanso osewerawo saseka nawo. Amachita zopusazo ngati n'zenizeni, kuseka n'kusiyira ife.

Koma timene tinandikhudza kwambiri ndi ta Fanta, ta kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, chifukwa timaseka ifeyo aphunzitsi. Kakanema kalikonse kamaonetsa kalasi imodzi ndi mphunzitsi wake wachilendo. Pali wina amene ndi DJ. Mwana akapereka yankho lolakwika, iye amapukusa mbale ya nyimbo, mawu oti "walakwa" n'kumabwerezabwereza ngati pa dansi, kalasi yonse ikumva. Pali winanso amene ndi shogun, ndiye kuti mtsogoleri wa asilikali wa mtundu umene unkalamulira Japan mpaka m'zaka za m'ma 1860. Akalowa m'kalasi, ana onse amagwetsa nkhope pansi. Iye amafunsa ngati alipo amene akudziwa yankho. Mwana wina amadzuka kuti ayankhe, pomwepo n'kukalipiridwa kuti mutu wake wakwera kwambiri pamaso pa mfumu. Pamapeto timamuona mwana uja ali panja, akumwa Fanta, akudandaula kuti nanga achite chiyani.

Ndinaseka ndithu, koma kenaka ndinakhala phee. Ndani mwa ife amene sanaphunzitsidwepo ndi mphunzitsi wotere? Amafunsa funso, koma chikwapu chili pa tebulo. Ukayankha molakwika, wasanduka choseketsa cha kalasi mpaka temu kutha. Ukafunsa pamene sunamve, akuti ndiwe wamwano. Mapeto ake ana amaphunzira chinthu chimodzi mwachangu kuposa masamu ndi Chingerezi: kuweramitsa mutu ndi kukhala chete. Kenaka mu sitafu rumu timadandaula kuti ana a masiku ano safuna kuyankha. Amene anapanga kakanemako cholinga chawo chinali kugulitsa chakumwa kwa achinyamata, ndipo anadziwa kuti njira yofikira mtima wa mwana wa sukulu ndi kumuonetsa kuti vuto lake akulidziwa.

Sindikunena kuti tisanduke a zisudzo ayi. Mphunzitsi wa u-DJ uja ndi woseketsa zedi, koma m'kalasi mwake palibe amene akuphunzira kanthu, chifukwa nthabwala yake ikudya mwana. Wotsatsa malonda akaseketsa anthu koma iwo n'kuiwala dzina la katundu wake, ndalama zake zalowa m'madzi. Nafenso chimodzimodzi. Ngati ana akukumbukira mmene tinavinira kutsogolo kwa bolodi koma osakumbukira mutu wa phunziro, pa MSCE sizidzawathandiza. Nthabwala yothandiza ndi imene yachokera m'phunziro momwemo, yokhudza zinthu zimene mwana amazidziwa kale za kumsika, kumunda kapena kunyumba, ndipo siichititsa manyazi aliyense mwa amene akhala pa mabenchi.

Anzanga ogwira choko, mukapeza mpata ndi kayunitsi pang'ono, fufuzani timakanema timeneti, makamaka ka shogun. Muonere limodzi pa nthawi ya buleki. Ndiye tsiku lina mukadzafunsa funso kalasi yonse n'kuti zii, musafulumire kunena kuti ana ndi aulesi. Mwina yankho akulidziwa, koma akuyesa kaye ngati kudzutsa mutu kuli bwino. Kwa inu ana anga akale, ambiri tsopano ndinu makolo, ena ndinu mabwana kuntchito, ndipo funso lomweli likukukhudzani. Zabwino zonse, tionana.