Kalaputopu ka 2015 ndi fodya wa amalume kwa Lukwa

Angapo mwakhala mukundifunsa funso limodzimodzi: kodi malaputopu akale opyapyala aja akugulitsidwa ku Lilongwe ndi ogula, kapena n'kutaya ndalama m'madzi? Ndiyankhiretu kamodzi pano, poti kuyankha mmodzimmodzi bandulo ikundithera.

Mukundidziwa, ntchito yanga ndi mainjini a maboti. Kuno ndinabwera atandiitana amalume kuti ndidzawakonzere pampu yothirira nazale ya fodya. Nditakonza imodziyo anthu anayamba kubwera ndi zawo, wina jenereta, wina njinga yamoto ya kabaza, mpaka miyezi yatha ndili konkuno. M'chikwama ndinanyamula masipanala ndi kalaputopu kanga, Lenovo ThinkPad X1 Carbon ya 2015.

Kamakina aka pa nthawi yake sikanali ka anthu wamba ayi. Kanali ka mabwana a m'makampani akunja, aja amayenda pa ndege sabata iliyonse. Dzina la ThinkPad linayamba ndi IBM mu 1992, Lenovo ya ku China n'kudzagula bizinesiyo mu 2005, ndipo X1 Carbon yoyamba inatuluka mu 2012. Kulemera kwake ndi pafupifupi kilo 1.3, sikirini mainchi 14. Mu 2008 Steve Jobs anasolola MacBook Air mu envelopu ya khaki pamaso pa anthu, ndiye makampani ena anayamba kupikisana kuti apange chopyapyala kuposa mnzake. Makampani akagwiritsa ntchito zaka zingapo amazigulitsa zambiri nthawi imodzi, zimayenda m'manja mwa anthu mpaka zimatipeza ife. Ndi kaunjika basi, koma kaunjika wa suti.

Kunyanja ntchito yake inali imodzi. Ndinasungamo mabuku a mainjini, Yamaha Enduro 15, 25 ndi 40, okhala ndi zithunzi zosonyeza kuti wasala uyu amakhala pati, bawuti iyi imangidwe mphamvu yotani. Pa foni zithunzizo zimaoneka ngati nyerere, ukakulitsa mbali ino mbali ina yasowa. Pa sikirini yaikulu giyabokosi yonse umaiona kamodzi. Komanso mabatani ake amayaka, ndiye usiku alovi akudikira kuti apite ku usipa, iwe ukuwerenga popanda kupempha tochi.

Kuno kapeza ntchito ina imene sindinabwerere, ndipo ndi imene ndikufuna mumve bwino.

Amalume ali ndi anthu atatu owathandiza kumunda, awiri ndi ochokera kum'mwera. Utenanti lamulo linaletsa mu 2021, koma khalidwe lotenga zinthu pangongole silinathe. Munthu amatenga chimanga, mchere, sopo, ndalama ya kuchipatala mwana akadwala, zonsezo n'kudzadulidwa fodya akagulitsidwa ku Chinkhoma. Zonse amalume amalemba m'kope limodzi la mwana wa sukulu. Kopelo linanyowapo ndi mvula, masamba ena chiswe chinalawa, pena analemba ndi pensulo. Chaka chilichonse, akuti, nthawi yowerengera imathera m'mapokoso, wina n'kunyamuka osatsanzika.

Tinakhala pakhonde masiku atatu madzulo, amalume akuwerenga, ine ndikulowetsa mu tebulo la LibreOffice, pulogalamu yaulere yofanana ndi Excel. Munthu aliyense tsamba lake, tsiku, chimene anatenga, mtengo. Titafika pa bambo wina wamkulu, wa ana anayi, tebulo linaonetsa ndowa ziwiri za chimanga zolembedwa kawiri mu February, tsiku limodzi, patsamba ili ndi patsamba linalo. Amalume anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Mphwanga, fufuta imodziyo." Ndinafufuta. Bamboyo sanayankhule kanthu, anangovula chipewa n'kuchivalanso. Ndowa ziwiri mu February, inu a kunyanja mwina simungamvetse, poti ife njala ikavuta timaponya mbedza. Kuno mwezi umenewo chimanga chimakhala golide.

Musandimve molakwa. Makina saona chilungamo, amawerengera zimene wawapatsa. Wolemba akakhala wakuba, tebulo limaba mwaudongo kuposa kope. N'chifukwa chake tinagwirizana kuti mwezi ukatha aliyense aziona tsamba lake, ndipo amene ali ndi foni azijambula n'kusunga. Fodya amagulitsidwa pa madola, ndiye pepala la ku okushoni likabwera lili ndi mizere yambiri yodula: mayendedwe, chiguduli, msonkho, ngongole ya feteleza. Zimenezonso tazikonzera malo ake kuti munthu aone ndi maso kuti belo lake linalowa ndi ndalama zingati, latuluka ndi zingati.

Tsopano zovuta zake, chifukwa ogulitsa sangakuuzeni.

Batire ndiye choyamba kufa. Lili latsopano linali la 50Wh, langali likakwana maola awiri ndimathokoza. Kuno kwa amalume magetsi a ESCOM sanafike, tili ndi sola imodzi ndi batire la galimoto. Mwayi wake kamakinaka sikadya moto wambiri, chaja yake ndi ya 20V, ndipo ndinapeza yolumikiza ku batire la 12V mwachindunji, osadzera pa inveta imene imataya moto wina panjira. Masana ndimatchaja, usiku ntchito. Mukaona laputopu yotukumuka pansi kapena pa mabatani, batire lafufuma, isiyeni pomwepo ngakhale atsitse mtengo.

Chachiwiri ndi fumbi. Fumbi la ku Kasungu mu October si lamasewera. Injini ya boti ikasiya kukodza madzi kumbuyo kuja mumadziwa kuti impela yatha, ndipo ukakakamira uphika injini. Laputopu nayo ili ndi kafani kake, kakatsekeka imatentha, imayamba kuyenda ngati nkhono, kenako imazima yokha. Ndinamasula tizisikuluu tapansi, ndinachotsa fumbi lochita kuumbika ngati thonje, n'kupaka phala latsopano loziziritsa purosesa. Amene amatha kutsuka kabuleta izi sizingamuvute, bola dzanja lopepuka.

Pali china chimene ngakhale makaniko sangachite kanthu. Kuti zikhale zopyapyala, RAM anaiwotcherera pa bolodi. Ili ngati CDI ya injini, sutsegula. Ukagula ya 4GB udzafa nayo ya 4GB. Yanga ndi 8GB, ndipo ndikukuuzani, ya 4GB musagule. SSD yokha ndiye imasinthika.

Ndiye pali nkhani ya Windows. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imafuna purosesa ya Intel kuyambira m'badwo wachisanu ndi chitatu. Yanga ndi ya m'badwo wachisanu, basi yatsala padoko. Sikuti imasiya kuyaka ayi, koma zigamba zotseka mabowo a akuba sizibweranso, pamene kuno fulashi imodzi imayenda mudzi wonse, kuchoka kwa anyamata oika nyimbo m'mafoni mpaka kusukulu. Ine ndinaikamo Linux Mint, yaulere. Sabata yoyamba imakhala ngati wakwera bwato la eni, kenako umazolowera. Tizilombo ta m'mafulashi tambiri tinapangidwira Windows, ndiye pano timangogona osaluma. Bandulo ya Airtel kapena TNM nayonso imakhalitsa, poti palibe chimene chikudzitsitsira chokha usiku.

Pogula, uzani wogulitsa alowe mu BIOS inu mukuona. Zambiri zinachokera m'maofesi, ndipo zina zili ndi pasiwedi ya abwana akale imene palibe akuidziwa. Chotsani chaja muone ngati siizima. Dinani batani lililonse. Tsegulani ndi kutseka kangapo mumve ngati mahinji sakulira. Wogulitsa akayamba kukufulumizitsani, tulukani, mashopu ndi ambiri.

Wofuna magemu akuluakulu kapena kukonza mavidiyo a ukwati, aka si kanu. Koma kulemba kalata, kuwerengera ndalama za boti, kugawa za alovi mutachotsa mafuta, kuwerenga mabuku a sukulu, kamakwanitsa popanda kudandaula, ndipo mabatani ake ndi okoma kuposa a malaputopu ambiri atsopano otchipa aja apulasitiki.

Vuto ndili nalo pano ndi lakuti bambo akundiitana, mainjini awiri agona pagombe ku Nkhotakota. Amalume akuti kamakinaka katsale mpaka belo lomaliza ligulitsidwe, ndipo msuweni wanga wa Fomu 3 waphunzira kale kulowetsa manambala, liwiro lake kundiposa. Ndamupatsa malamulo awiri: asadyere pafupi nako, ndipo Loweruka lililonse azikopera tebulo mu fulashi imene imasungidwa kwa azakhali. Mabuku a Yamaha ndawasamutsira mu foni, ndizifinya maso choncho mpaka August. Amene ali ku Joni ndipo akubwera posachedwa andiuze, ndikufuna batire la X1 Carbon ya 2015, ndalama ndipereka pofika.