Jekete la mlonda wa ku Sunnyside

June akafika, chiperoni chimayamba kuwaza mu Blantyre. Mukadzera ku Sunnyside m'mamawa mudzaona alonda pa mageti atafufuma ngati avala matilesi. Majekete amenewo, abale, anasokedwera azungu otsetsereka pa chipale chofewa ku mapiri a Alps. Kuno afika m'belo la kaunjika.

Ine ndinawalondola mpaka ku msika wa Limbe kumene mabelo amatsegulidwa, ndipo inu okaoda ndikuti musatengeke ndi dzina losokedwa pachifuwa. Yambani kuona zipi, chifukwa ikakhala yakufa phindu lonse lithera kwa telala. Kenako finyani mkono. Ngati thonje la m'kati laundana mbali imodzi, lisiyeni pompo, linatha kale ntchito kwawoko.

La nthenga ndi lopepuka komanso lofunda, eetu, koma likangonyowa basi, munthu ayamba kunjenjemera. Mlonda wochezera panja, kaya mnyamata wonyamula katundu wa alendo kupita ku Sapitwa, mamita 3002, amafunika la thonje, losalowa madzi, lachipewa chake.

Odani mu April. Pofika July aliyense amakhala akulifuna, mtengo wakwera kale.