Ntchito yopanda kuweruka

Ndili mwana, amayi ankandituma kukagulitsa mandasi kumsika. Zinkandiwawa, koma beseni likatha ndinkaweruka, n'kukalirira kuseri kwa nyumba popanda wondiona.

N'chifukwa chake ana a Jon ndi Kate Gosselin a ku Pennsylvania, ku America, sandichoka m'mutu. Analipo 8: mapasa, kenako ena 6 obadwa tsiku limodzi mu 2004. Kuyambira 2007 makamera a pulogalamu ya Jon & Kate Plus 8 ankalowa mpaka kuchipinda, ndipo banjali linkadyera pomwepo. Makolowa sindiwaweruza msanga ayi. Kudyetsa ana 8 si masewera, mtengo wa matewera inunso mukuudziwa.

Koma mu June 2009, awiriwa atalengeza pa TV kuti akusiyana, anthu oposa 10 miliyoni anaonera. Ana 6 aja anali ndi zaka 5 zokha. Akanaweruka n'kupita kuti, poti kuntchito kwawo kunali kunyumba komweko?

Inenso gawo limenelo ndinalionera, patapita zaka, pafoni, tiyi ali m'manja. Sindinazimitse mpaka linatha.