Posankhira Mwana Sukulu ya Udokotala

Ife takhala tikuphunzitsa ana a pulaimale kwa zaka zoposa 30, ndipo pakutha pa teremu iliyonse timagwira ntchito imodzi imene imatilemera mumtima, ndiyo kusanja ana pa mndandanda kuyambira woyamba kufikira wotsiriza. Tsiku lotsekera sukulu makolo ambiri safunsa zimene mwana wadziwa. Funso lawo ndi limodzi: "Wakhala nambala chiyani?" Tinkayesa kuti ife tinachira kale nthenda ya nambalayi, popeza tidziwa m'mene manambalawo apangidwira. Koma chaka cha 2023 chinationetsa kuti mphunzitsi nayenso ndi kholo, ndipo zimene zinachitika m'nyumba mwathu tafuna kuti tikambirane ndi makolo anzathu pamodzi ndi achinyamata a mu mpingo.

Mwana wathu wamkazi, wachitatu kubadwa, anakhoza bwino mayeso a Fomu 4, ndipo chiyambire ubwana wake mtima wake unali pa udokotala. Tili kudikira kuti bungwe la NCHE litulutse maina a osankhidwa kupita ku masukulu a ukachenjede a boma, kunafika bambo wina wa m'tauni, wovala bwino ndi wodziwa kulankhula, amene ntchito yake ndi kupezera ana malo ku masukulu a kunja. Anatulutsa foni yake natisonyeza mndandanda wa mayunivesite 500 oyambirira pa dziko lonse lapansi. Chala chake chinaima pa sukulu ina ya kutsidya kwa nyanja, ndipo anati, "Mwana wanu ndingampezere malo apa. Tsono inu aphunzitsi, tapezani pamenepa sukulu yanu ya ku Blantyre ija." Tinayang'ana kuyambira pamwamba kufikira pansi, koma sitinaipeze.

Usiku umenewo mwana uja anagwada pafupi ndi mpando wathu nati, "Bambo, kodi si inu amene mumatiuza kuti tisamakhutire ndi nambala ya kumunsi?" Mawuwo anatilasa. Tinayamba kuwerengera ng'ombe zinayi zimene zili kumudzi, ndi kamalo kamene tinagula kuti tidzamangepo nyumba tikadzapuma pa ntchito. Ndipo tivomere pano poyera kuti sichinali chikondi cha pa mwana chokha chimene chinatikoka. Tinadziona kale tili chilili pabwalo la tchalitchi, akulu a mpingo anzathu akutigwira chanza chifukwa mwana wa aphunzitsi wakwera ndege.

Amene anatibweza ndi amayi a kunyumba. Iwo salankhula zambiri, koma tsiku limenelo anati, "Inu mukamasanja ana, mumadziwa mayeso amene alemba. Nanga masukulu amenewa analemba mayeso anji, ndipo anachonga ndani? Ng'ombe zisachoke m'khola musanandiyankhe, ndiponso atsibweni ake asanamve." Tinasowa poyankha. Akale anati safunsa anadya phula. Motero tinapempha mphunzitsi wina wachinyamata wa pa sukulu pathu kuti atithandize kufufuza pa intaneti m'mene mindandanda imeneyi ipangidwira.

Choyamba chimene tinapeza ndi chakuti mndandanda suli umodzi. Ulipo wa ku Shanghai, m'dziko la China, umene unayamba m'chaka cha 2003. Ulipo wa QS, ndiponso wa Times Higher Education, iwiri imene inayamba ngati umodzi m'chaka cha 2004 nkudzapatukana pambuyo pake. Uliwonse uli ndi muyeso wakewake. Wa ku Shanghai upereka malikisi 30 pa 100 alionse chifukwa cha aphunzitsi ndi ophunzira akale amene analandira mphotho ya Nobel kapena mendulo ya Fields ya akatswiri a masamu, ndipo otsalawo achokera makamaka ku zolemba za kafukufuku. Wa QS upereka malikisi 30 pa 100 potengera maganizo a aphunzitsi a m'mayunivesite ena, amene afunsidwa kuti atchule masukulu amene awayesa opambana. Tsono sukulu yakale, yolemera ndi yotchuka ipitirira kutchuka, pakuti munthu atchula dzina limene analimva kale.

Sitikunena kuti zimenezi ndi zabodza. Kafukufuku ndi chinthu cha mtengo wapatali, ndipo masukulu amene ali pamwambawo ali ndi nzeru zenizeni. Koma mwa zonse zimene aziwerenga sitinapezemo funso lakuti wophunzira wa chaka chachinayi wayeza odwala angati ndi manja ake, kapena wathandiza amayi angati pochira. Komanso nambala imene bambo uja anatisonyeza inali ya yunivesite yonse, kuphatikiza uinjiniya, malamulo ndi zina zotero, osati ya sukulu ya udokotala payokha. Zili ngati kholo lolembetsa mwana Sitandade 1 pa sukulu chifukwa chakuti timu yake ya mpira inatenga chikho.

Tinamvanso kuti m'mwezi wa Januwale chaka chomwecho cha 2023, sukulu ya udokotala ya Harvard ku America, imene inali pamwamba penipeni pa mndandanda wa U.S. News, inalengeza kuti yaleka kupereka ziwerengero zake kwa osanjawo, ndipo masukulu ena akuluakulu monga Stanford ndi Columbia anatsatira. Chifukwa chawo chinali chakuti nambala imodzi singathe kufotokoza ubwino wa maphunziro, ndiponso kuti mpikisanowo ukopa masukulu kuti azisamala nambala koposa ophunzira. M'chaka chomwechonso a Times Higher Education anatulutsa mndandanda wapadera wa masukulu a mu Africa kumwera kwa chipululu cha Sahara, wokhala ndi miyeso ina yoyenera kuno, ndipo sukulu ya zaumoyo ya Muhimbili ku Dar es Salaam inakhala yachitatu. Mphunzitsi aliyense adziwa chinsinsi chimenechi: mukasintha mayeso, mwana woyamba asinthanso.

Titadziwa zimenezi tinapita kukacheza ndi dokotala wina wopuma pa ntchito, mkulu wa mpingo mnzathu, amene anatumikira zaka zambiri pa chipatala cha mishoni. Anatimvetsera modekha, ndipo anatipatsa mafunso anayi amene tikuwapereka kwa inu monga momwe tinawalandirira.

Funso loyamba: kodi mwanayo akadzabwera kuno kwathu adzaloledwa kuchiza anthu? Munthu sagwira ntchito ya udokotala m'Malawi popanda kulembedwa m'kaundula wa Medical Council of Malawi, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la m'chaka cha 1987. Kumeneko ndiko koyamba kufunsa, tambala isanatuluke m'thumba. Liliponso kaundula wa masukulu a udokotala a dziko lonse wotchedwa World Directory of Medical Schools. Sukulu ikasowa m'menemo, thawani. Koma kupezekamo kokha sikutanthauza kuti bungwe lathu laivomereza. Dokotalayo anatikumbutsa za Dr. Hastings Kamuzu Banda, amene anatsiriza udokotala ku Meharry Medical College ku Nashville m'chaka cha 1937, koma anayenera kukalowanso m'kalasi ku Edinburgh kufikira 1941, chifukwa maiko olamulidwa ndi Britain ankafuna mapepala a ku Britain. Pepala likhoza kukhala labwino, koma khomo limene ufuna kulowa lili ndi kiyi wakewake.

Funso lachiwiri: kodi adzaphunzira pa odwala enieni, ndipo adzalankhula nawo m'chinenero chanji? Udokotala suphunziridwa m'buku mokha. Zaka zoyamba ndi za m'kalasi, koma zaka zotsiriza ndi za pambali pa bedi la wodwala, ndipo gawo lalikulu la kudziwa nthenda lichokera m'kumva zimene wodwalayo afotokoza. M'maiko ena maphunziro a m'kalasi ali m'Chingerezi, koma agogo ogona m'chipatala alankhula chinenero cha kwawo, ndipo wophunzira wachilendo angoima kumbuyo kwa anzake ngati mlendo pa maliro a eni.

Funso lachitatu: kodi adzaona matenda anji? Dokotala wodzatumikira ku Nkhoma, ku Ekwendeni kapena ku Mulanje adzakumana tsiku ndi tsiku ndi malungo, chifuwa chachikulu, Edzi, likodzo, kunyentchera kwa ana ndi mavuto a uchembere, nthawi zina popanda makina oyezera. Apa dokotala uja anatiuza chinthu chimene chinatichititsa manyazi. Muyeso umene madokotala a maiko ambiri agwiritsa ntchito poona kukomoka kwa mwana wodwala malungo a mu ubongo utchedwa Blantyre Coma Scale, chifukwa unapangidwa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Anthu a ku masukulu a pamwamba aja amabwera kudzaphunzira kumene ife tinali kukunyoza. Sukulu yathu ya udokotala inatsegulidwa m'chaka cha 1991, ndipo m'chaka cha 2021 inaphatikizana ndi ya anamwino kukhala Kamuzu University of Health Sciences. Ndi yaing'ono poyerekeza ndi za zaka mazanamazana, ndipo zosowa zake zilipo, koma odwala amene wophunzira aphunzirapo ndi omwewo amene adzawachiza.

Funso lachinayi: kodi mwawerengera ndalama za zaka zonse, kapena za chaka choyamba chokha? Udokotala ndi ulendo wa zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi. Kunja alipira m'madola, pamene malipiro a mphunzitsi ali m'makwacha, ndipo mu Meyi 2022 kwacha inali itatsika kale mphamvu ndi 25 pa 100 alionse. Pali chakudya, malo ogona, zovala za m'nyengo yozizira, ndi ulendo wobwera kumudzi kukagwa zovuta. Nkhondo itabuka ku Ukraine mu Febuluwale 2022, ophunzira udokotala ambiri a ku Africa anathawa maphunziro ali pakati. Palibe mndandanda umene unawachenjeza.

Tinabwerera kwa bambo wa m'tauni uja ndi mafunso anayiwo. Za kuvomerezedwa kwa mapepala anati tidzaona mwana akadzatsiriza. Za chinenero anavomera kuti m'chipatala salankhula Chingerezi. Ndalama zimene zinali pa pepala lake zinali za chaka choyamba chokha, osawerengera zake za iye mwini. Ndipo titafufuza tinapeza kuti yunivesite ija inakwera pa mndandanda makamaka chifukwa cha uinjiniya. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tinamthokoza mwaulemu, ndipo tinakana.

Musayese kuti kunyumba kunali chimwemwe. Kwa milungu iwiri mwana wathu ankabweretsa madzi osamba m'manja ndi nsima monga mwa masiku onse, koma mawu ake anali "inde" ndi "iyayi" basi. Ifenso tulo tinalibe, pakuti malo a udokotala kuno ndi ochepa, ndipo ana ambiri okhoza bwino amatsala. Tikanakhala kuti tamtsekera khomo lokhalo limene linatseguka, tikanamuyang'ana bwanji kumaso? Tinamuitana pamodzi ndi amayi ake ndi atsibweni ake, ndipo tinamulonjeza kuti akapanda kusankhidwa tidzafunafuna naye sukulu ina, kaya ku Zambia, ku Tanzania kapena kutali, koma poyesa ndi mafunso anayi aja. Tinapempheranso kuti Mulungu atichotsere ife makolo mtima wofuna kutamandidwa. M'masiku amenewo tinalingalira kwambiri za mneneri Samueli ku nyumba ya Jese, amene anatsala pang'ono kudzoza Eliabu chifukwa cha msinkhu ndi maonekedwe ake, pamene wosankhidwayo anali kubusa.

Maina atatuluka, la mwana wathu linalipo. Sitinena zimenezi kuti tidzitame kuti tinaona patali, pakuti akanatha kutsala monga anatsalira anzake ena anzeru. Koma mu Novembala chaka chomwecho, titamva pa wailesi kuti kwacha yatsikanso ndi 44 pa 100 alionse, tinatenga pensulo ndi kuwerengera, ndipo tinaona kuti ng'ombe ndi kamalo kaja zikanatha mwana asanayambe chaka chachiwiri. Akanabwera wopanda pepala, ife tili opanda pogona.

Kwa achinyamata tinena kuti kulakalaka zapamwamba si tchimo, ndipo kuphunzira kunja si kulakwa. Dr. Daniel Malekebu anatsiriza ku Meharry m'chaka cha 1917 nabwera kudzatumikira anthu a kwawo ku Chiradzulu, ndipo madokotala ambiri amene atichiza lero anaphunzira kunja. Mwana wathu anenabe kuti akadzatsiriza ndi kugwira miyezi yake yoyeserera ntchito m'chipatala, adzafuna kukazama pa matenda a ana ku sukulu ina yaikulu. Pa nthawi imeneyo mindandanda ija idzamthandiza koposa, chifukwa kafukufuku amene iwo awerenga ndiye adzakhale akumufuna. Mndandanda ndi wabwino pokudziwitsani maina a masukulu; kusankha kukhale kwanu, mutafunsa.

Kwa makolo anzathu tinena kuti m'mipingo mwathu muli madokotala, anamwino ndi madokotala othandizira amene tikhala nawo pa benchi limodzi Sabata ndi Sabata. Pitani kwa iwo musanagulitse munda kapena kutenga ngongole. Munthu wokuuzani kuti lipirani lero chifukwa malo atha mawa, ameneyo mumchedwetse dala. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Teremu yapitayi tinasanjanso ana athu a Sitandade 6 monga mwa lamulo la ntchito. Bambo wina atafika kudzafunsa nambala ya mwana wake, tinamuuza, pakuti ndi ufulu wake kudziwa. Koma tisanamlole kupita tinamkhazika pansi, tinatsegula makope a mwanayo, ndi kumsonyeza tsamba ndi tsamba zimene adziwa ndi zimene zimvuta. Anakhala nafe nthawi yaitali kuposa m'mene anaganizira. Ambuye akupatseni nzeru ndi kuleza mtima pamene mutsogolera ana amene anakusungitsani.