Mtsuko Wodzaza ndi Mafuta

Akuluakulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Chipumulireni pa ntchito ya uphunzitsi ndakhala ndikuwerenga za Ayurveda, ung'anga wamakedzana wa ku India, ndipo chandigwira mtima ndi ulemu umene umaperekedwa kwa mayi woyembekezera.

Buku lawo lakale, Charaka Samhita, limafanizira mayi wotere ndi mtsuko wodzaza mafuta, umene wousenza sayenera kuugwedeza. Chakudya chake amachikonza mwezi ndi mwezi. Mwezi woyamba amamwa mkaka. Wachitatu amathiramo uchi ndi mafuta oyengedwa ku mkaka. Wachinayi amaonjeza batala. Wachisanu ndi chitatu amadya phala la mpunga. Amamuletsa mowa, zakudya zowawa tsabola, ntchito yakalavulagaga ndi ulendo wa pa ngolo yogwedeza, kuopa kuti pathupi pangachoke. Mwezi wachisanu ndi chitatu amauopa koposa, ati mphamvu ya moyo yotchedwa ojas imakhala ikusinthasintha pakati pa mayi ndi mwana.

Sizonse zimene madokotala amavomereza. Iwo amati mwana wobadwa masabata 37 asanakwane ndiye wosakwana masiku, ndipo sabata iliyonse imene wakhalitsa m'mimba imampatsa mphamvu. Zimene zimafulumizitsa kubadwa, monga malungo, matenda a m'chikhodzodzo, kuthamanga kwa magazi ndi mapasa, mkaka sungazithetse. India yemweyo adaposa maiko onse m'chaka cha 2020 ndi ana oposa 3 miliyoni obadwa motere. Mankhwala ena a Ayurveda adapezekanso ndi mtovu, umene uli poizoni.

Komabe kalumo ka mlendoyu kali ndi pometa kwathu kuno. Lipoti la World Health Organization la 2012 lidaonetsa kuti ana 18 mwa 100 alionse ku Malawi ankabadwa masiku osakwana. M'midzi imene ndidaphunzitsa ndinkaona amayi otopa ndi pakati akusenza nkhuni, akumanidwa mazira kuti mwana angabadwe wopanda tsitsi, kenaka nkudya mkute wotsala kwa amuna awo. Mkaka ungasowe, koma nsinjiro, usipa, nyemba ndi bonongwe zilipo.

Inu ophunzira, mawa lino mudzakhala makolo. Mayi adye poyamba, apumule, agone m'masikito, ndipo ayambe sikelo msanga kuti aonane ndi achipatala kasanu ndi katatu. Nkhuni ndi madzi asenze bambo ndi abale. M'mera mpoyamba.